Ulendo wa agalu ukathere pa Nyamapanda

Mphwanga ndi anzake atatu a kuno ku Mbare akukonza zonyamula agalu awo pa galimoto chisanu chikubwerachi, kunyamukira pa Mbare Musika mpaka kukafika ku Blantyre. Akuti aziima m'midzi ndi m'masukulu, kusonkhetsa ndalama zogulira katemera wa chiwewe ndi kuitanira anthu kuti abweretse agalu awo adzabayidwe. Nkhaniyi yamveka kale m'mafulati a Matapi ndi Matererini, ndipo anthu agawikana. Ena akuti anyamatawa ulova wawazunguza mutu. Ena akuti aganiza chinthu chomwe akuluakulu tinayenera kuganiza kalekale. Ine ndili kumbali ya anyamatawa ndi mtima wonse, ndipo ndawalonjeza kuti ndiwathandiza. Koma pali chimodzi chomwe ndakana, ndipo ndikufuna kuchikana poyera: agaluwo asawoloke malire. Ulendo wawo ukathere pa Nyamapanda.

Msewu umenewu sindiumvera kwa anthu. Bambo anga anadzera momwemo pochoka ku Ntcheu m'masiku a Mthandizi, ndipo ine unyamata wanga unathera pamwamba pa mabasi ndi malole a ku Blantyre, kumanga katundu ndi kuperekeza, kuphatikizapo zaka zija za nkhondo ya ku Mozambique pamene magalimoto ankadutsa Tete ali pa mndandanda, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Ndikudziwa pamene dalaivala amayamba kusinza, pamene madzi amasowa, ndi pamene munthu amavula jekete.

Ndiyambe ndi onyozawo, chifukwa sakulankhula zopanda pake. Mayi wina wogulitsa matemba, mmodzi mwa amene katundu wawo anathera pa moto umene unanyeketsa msika mu Okutobala 2024, anandiimitsa ndi funso lolunjika: "Achimwene, ife ya fizi ya ana ikutivuta, inu mukuti tisonkhere agalu?" Funso limeneli aliyense wofuna kupempha ndalama pa Musika aliyankhe kaye asanatambasule dzanja. Anthu a pano amadzuka kukadali mdima, ena amagona pa masaka pafupi ndi katundu wawo, ndipo dola iliyonse amaidziwa kumene yachokera. Ndinawayankha mayiwo kuti ndalamayo ikungodzera mwa galu, koma ikupita kwa mwana wawo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka a mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Mwana ndi wamfupi, motero mano a galu amatera kumaso kapena m'khosi, pafupi ndi ubongo. Ndiponso mwana amabisa bala, poopa kukalipidwa kuti anakaputa dala galu wa eni.

Chiwewe sichipereka mpata wachiwiri. Munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kuopa madzi, kudzidzimuka ndi kamphepo, kubwebweta, madokotala amangotsala ndi kumuchepetsera ululu. Katemera wa munthu wolumidwa alipo ndipo amapulumutsa, koma amafuna kuti munthu afike msanga kuchipatala, abwererenso kangapo kudzabayitsa, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa katemera wa galu. Banja la ku Mudzi kapena ku Uzumba limene mwana wawo walumidwa Lachisanu madzulo limayamba ndi kufunafuna ya basi, mwina mpaka kugulitsa mbuzi, masiku akupita.

Chimene chimandiwawa koposa ndi chakuti imfa zambiri za chiwewe sizitchulidwa n'komwe dzina lake. Mu 2007, Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre atafufuza ana 133 amene anamwalira ndi matenda okhudza ubongo. Ana 14 mwa iwo anali ndi chiwewe, ndipo atatu anali ataganiziridwa kuti afa ndi malungo aakulu. Zoona zake zinadziwika atawapima atamwalira kale. Ngati zinali choncho pa chipatala chachikulu chokhala ndi akatswiri, kuli bwanji kumudzi? Kumeneko mwana wobwebweta ndi kuthawa madzi amati walodzedwa, ndipo maliro asanathe, chala chaloza kale agogo ena osalakwa. Galu amene anamukanda pa mwendo miyezi iwiri yapitayo palibe amene akumukumbukira.

Mankhwala a vutoli ndi odziwika, ndipo a ku Blantyre anaonetsa kuti n'zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi Blantyre SPCA ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzindawo m'masiku 20 ogwira ntchito. Loweruka ndi Lamlungu ankakhazika malo obayira, makamaka m'masukulu, ndipo ana ankabwera atakoka agalu pa zingwe. Pakati pa sabata ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna otsala. Anafikira agalu pafupifupi 79 mwa 100 alionse, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ku Gulupu ndi chiwewe anachepa kwambiri. Ntchitoyo inapitirira chaka ndi chaka, n'kufalikira ku Zomba ndi Chiradzulu.

Apa ndi pamene ndimayambira kusiyana ndi mphwanga. Ku Blantyre kumene akufuna kukathera ndi kumene ntchitoyi inakhazikika kale. Kosowa ndi kuno kwathu. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2019 anatsata mliri wa chiwewe umene unakakamira mu Harare momwemuno kuyambira 2010 mpaka 2017. Sitikunena za kutchire kwa nkhandwe ayi, tikunena za mzinda wa likulu.

Koma chifukwa chachikulu ndi china. Galu akalumidwa ndi mnzake wachiwewe sadwala tsiku lomwelo. Kachilombo kamakwawa m'mitsempha mwakachetechete kwa masabata kapena miyezi, galuyo akudya bwino, akugwedeza mchira, akusewera ndi ana. Galu wopenga kale amathamanga mtunda wochepa n'kufa m'masiku owerengeka. Woopsa ndi wooneka wabwinobwino amene wakwezedwa lole, chifukwa ameneyo amadutsa makilomita 600 a pakati pa Harare ndi Blantyre tsiku limodzi. Ndinawaona ndi maso anga tiana tagalu tili m'makatoni pansi pa mipando, ena atabisidwa pakati pa matumba a chimanga, opanda kalata iliyonse, akupita kukakhala mphatso kwa achibale kumudzi. Matenda amayenda choncho, pa mawilo athu. Tsono ulendo umene cholinga chake ndi kuthetsa chiwewe usakhale womwewo wophunzitsa ana a m'mbali mwa msewu kuti galu amangokwezedwa galimoto n'kuwoloka naye mayiko.

Anyamatawa akuti atenga makalata onse, ndipo sindikuwakayikira. Koma awerenge bwino. Dziko lililonse limafuna zake: chilolezo cha ku Malawi cholowetsera galu, cha ku Mozambique chodutsira, kalata ya dokotala wa ziweto wa boma yotsimikiza kuti galu ali bwino, ndi khadi loonetsa kuti anabayidwa nthawi yokwanira ulendo usanayambe, chifukwa katemera wobaya dzulo sanayambe kuteteza. Pobwerera, zonsezo ziyambirenso. Ndalama ndi masiku amene angathere pa makalata amenewa angabaye agalu a midzi ingapo. Ndipo ngakhale makalata atakwana, palibe kalata imene ingaletse galu wa m'mudzi kudzalumana ndi wawo usiku pa Changara kapena pa Moatize. Galu ameneyo mawa lake akubwerera ku Matapi, kumene mabanja amakhala mothinana ndipo ana amasewerera m'makonde.

Mphwanga anandiyankha mokhumudwa. "A malume, popanda Blantyre ulendowu ulibe dzina. Anthu amatsegula chikwama akamva za mayiko atatu." Ndinamumvetsa, ndipo ndikudziwa kuti si za ndalama zokha. Mnyamatayu anabadwira ku Mbare, mayi ake anabadwira ku Mbare, Chishona ndicho chimene amalota nacho, koma akamati kumudzi amatanthauza dziko limene sanalipondepo. Ambiri a ife ana a machona tili ndi njala imeneyi. Tinakula tikutchedwa alendo m'dziko limene tinabadwiramo, tikuvina gule wamkulu ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa, tikuika makolo athu m'manda a kuno pomwe iwo ankalakalaka kukagona kwawo. Kufuna kukafika ku Malawi uli ndi chabwino m'manja, osati ngati wopempha malo, ndi chinthu choyera, ndipo sindingachiseke. Ndinangomuuza kuti: "Mphwanga, iwe pita ndithu. Kwera basi, ukafike ku Blantyre, ukaone mmene amabayira, ukaphunzire, ukagwire nawo ntchito. Koma galu wako alibe kumudzi ku Ntcheu. Kwawo ndi kuno."

Pali ulendo wina wa agalu wa nthawi yachisanu umene dziko lonse limaukumbukira, ndipo ndinawafotokozera anyamatawa. Mu Januwale 1925, m'tawuni ya Nome ku Alaska munabuka diphtheria, matenda otseka ana pakhosi. Nyanja inali itaundana, sitima zapamadzi sizikanafika, ndege za nthawiyo sizikanapirira kuzizirako. Mankhwala anafika pa sitima yapamtunda mpaka ku Nenana, ndipo kuchokera apo panatsala makilomita 1,085 a chipale chofewa. Amuna 20 ndi agalu pafupifupi 150 okoka ngolo zotsetsereka anawanyamula m'masiku asanu ndi theka, n'kufika nawo pa 2 Febuluwale. Agalu ena anafera m'njira. Leonhard Seppala ndi galu wake Togo ndiwo anadutsa chigawo chachitali ndi choopsa kwambiri, ndipo Gunnar Kaasen ndi Balto ndiwo analowa nawo m'tawuni.

Chimene ndimafuna aone m'nkhaniyi n'chakuti palibe munthu kapena galu amene anayenda mtunda wonsewo. Aliyense anathamanga chigawo chimene ankachidziwa, n'kupatsira mnzake amene ankadikira kutsogolo. Chimene chinayenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndi mankhwala okha. Ifenso tingathe kutero. A ku Mbare athamange chigawo chawo, makilomita pafupifupi 240 kudzera ku Juru, Murewa, Mutoko ndi Kotwa mpaka pa Nyamapanda. Kutsidya kuli achinyamata a ku Tete, a ku Zobue, a ku Mwanza, olankhula chilankhulo chathu chomwechi, okhala ndi agalu awo ndi a vetenale awo. Ambiri a ife tili ndi achibale kumeneko ndipo timalankhulana pa WhatsApp. Chowoloka malire chikhale ndondomeko ya ntchito, buku la mawerengero ndi thandizo la ndalama. Ulendowo ukhalabe wa mayiko atatu, dzina lija mphwanga akulifuna likhalapobe, popanda galu ndi mmodzi yemwe wopondetsedwa dziko lachilendo.

Palinso za galu mwini wake, amene sanafunsidwe ngati akufuna ulendo. Chisanu chimene anyamatawa akudalira ndi cha kumtunda kuno. Harare ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye m'mawa udzu wa m'mbali mwa Mukuvisi umayera. Koma ukangodutsa Mutoko msewu umayamba kutsika, mitengo ya malambe imayamba kuoneka, ndipo pofika pa mlatho wa Zambezi ku Tete uli m'chigwa chimene masana ake amatentha ngakhale mwezi umene kuno tikuwotha mbaula. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa makamaka ndi wefuwefu. Pa chipata cha malire galimoto imatha kuima maola, pa dzuwa, pakati pa malole. Munthu amatsika kukafuna mthunzi ndi chakumwa. Galu amatsala m'bokosi. M'chigwa cha Zambezi mulinso kashembe, amene amadwalitsa agalu monga amachitira ng'ombe.

Tsono chigawo chathucho chikonzedwe bwino, ndipo apa ndikulankhula ngati munthu wa pamsewu. Nyengo asankha yabwino. Mvula yatha, misewu yafumbi yolowera m'midzi ndi yodutsika, anthu akolola ndipo akupezeka pakhomo, masukulu ali m'kati mwa teremu yachiwiri. Koma kuzizira kuli ndi zake. Galu wathu wamba ali ndi ubweya waufupi, ndipo kumbuyo kwa pikapu yothamanga m'bandakucha mphepo imaluma kuposa mmene wokhala kutsogolo angaganizire. Chitsulo cha pansi chimazizira usiku n'kudzatentha masana. Galu aliyense akhale ndi bokosi lake lamatabwa lolowa mpweya, lomangidwa zolimba, pansi pake atayala masaka ndi bulangete lakale, mbali yoyang'ana kutsogolo itatchingidwa. Kumangirira galu ndi chingwe m'khosi pa galimoto yotseguka ndi kumupha, chifukwa akadumpha amalendewera. Asanyamuke usiku. Adikire dzuwa lituluke, aziima pakapita maola awiri kapena atatu, agalu amwe madzi ndi kuwongola miyendo, ndipo chakudya chachikulu azipatsidwa madzulo atafika, osati ponyamuka, kuopa kusanza. Madzi anyamule m'zigubu, a anthu ndi a agalu, chifukwa cha ku Mudzi madzi si ongotunga paliponse. Chakudya chikhale chomwe agaluwo anazolowera kunyumba. Pa ulendo si poyesera zatsopano.

Agalu apite awiri, osapitirira apo, ndipo akhale ofatsa, ozolowera ana ndi phokoso. Ntchito yawo ndi imodzi: kuima patsogolo pa ana asukulu, kuti ana aone galu wonenepa, wosamba, wobayidwa, amene mbuye wake amamuitana ndi dzina. Tiana tagalu titsale. Wamkazi amene wayamba kutsatidwa ndi amphongo atsale, apo ayi mudzi wonse wa agalu udzagona pa galimoto. Wolusa atsale, ngakhale mwini wake amamunyadira chotani. Opitawo abayidwe mwezi wathunthu ulendo usanayambe, wa chiwewe ndi wa matenda ena a agalu, apatsidwe mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa, ndipo madzulo alionse azisanthulidwa m'makutu ndi pakati pa zala, chifukwa nkhupakupa za kumudzi zimabweretsa matenda othetsa magazi. Usiku azigona m'mabokosi awo, osati kusakanikirana ndi agalu a pamudzi.

Chingwe chisachoke m'manja, makamaka akamayandikira malire. M'mbali mwa malire a dziko lino ndi Mozambique asilikali a Rhodesia anakwirira mabomba m'zaka za m'ma 1970, ndipo mabungwe monga HALO Trust ndi MAG akhala akugwira ntchito yowachotsa kumpoto chakum'mawa kuno. Galu wothamangitsa kalulu sawerenga chikwangwani chofiira, ndipo mbuye wake amamutsatira asanaganize.

Katundu weniweni wa ulendowu ndi bokosi la katemera. Katemerayu amasungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, koma asaundane. Ofufuza ku Tanzania anapeza kuti mtundu wina wa katemera wa agalu umagwirabe ntchito ngakhale utakhala miyezi itatu pa madigiri 30, zomwe ndi nkhani yabwino kwa midzi yopanda magetsi. Komabe zimenezo si zoti anyamata aziganizire okha. Bokosilo likhale m'manja mwa a vetenale, ndipo jakisoni azibaya ndi iwo. Anyamatawa ntchito yawo ndi galimoto, mafuta, kuitana anthu, kugwira agalu, kulemba m'buku ndi kupaka utoto pamutu pa galu wobayidwa kuti mawa adziwike. Asanalembe tsiku lililonse pa pepala, akakhale pansi ndi a nthambi ya boma ya Veterinary Services, ndiponso mabungwe odziwa kale ntchitoyi monga SPCA ndi VAWZ. Boma lili ndi alangizi ake m'maboma onse, ndipo alangiziwo amadziwa dibi iliyonse ndi tsiku limene anthu amasonkhanapo ndi ng'ombe zawo. Pa dibi agalu amabwera okha, kutsatira abusa.

Za kuitana anthu, tili ndi mwayi umene mabungwe akuluakulu alibe. Usiku uliwonse malole a tomato, masamba ndi anyezi amalowa pa Musika kuchokera ku Mutoko, Murewa, Uzumba ndi Domboshava. Alimi amagona pomwepo, atazinga moto wa makatoni, kudikira kuti kuche agulitse. Anthu amenewa ndi eni midzi yomwe ulendowu ukupita. Mnyamata woyenda pakati pawo ndi tiyi wotentha, n'kuwauza kuti tsiku lakutilakuti tidzakhala pa sukulu yakutiyakuti, wafikitsa uthenga kwa masabhuku (mafumu a m'midzi) ambiri kuposa chikwangwani chilichonse. Malole omwewo amabwerera opepuka, ndipo angathe kunyamula mapepala a uthengawo. Alimiwo ndi amenenso anganene zoona za kwawo: mudzi uti kunaoneka galu wopenga, kuti nkhandwe zikulowa m'makola, ndi mfumu iti iyenera kuonedwa kaye.

Ndipo kumeneko akakumana ndi mafunso amene ayenera kukonzekera. Alenje ambiri amakhulupirira kuti galu wobayidwa amafooka, sathamanganso pa uzimba. Ndinazimva kwa bambo anga, ndimazimvabe lero. Si zoona, koma munthu sasiya chikhulupiriro chifukwa chonyozedwa. Amasiya akaona galu wobayidwa akuthamanga. Ena amabisa agalu poganiza kuti galimoto yabwera kudzawawombera, chifukwa m'mbuyomu chiwewe chikabuka mfuti ndiyo inkabwera. Kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa matendawa, ndipo a WHO amanena zimenezo momveka. Obayidwa amafera limodzi ndi osabayidwa, eni ake amakatenga tiana tina kwina, ndipo mudzi umadzazanso ndi agalu opanda chitetezo.

Chinthu chovuta kuwamvetsetsa achinyamata ndi chakuti kuchuluka kwa malo oimapo si kupambana. Kuti chiwewe chileke kuyenda pakati pa agalu, pamafunika kubaya 70 mwa 100 alionse a m'deralo. Kubaya agalu khumi pano, asanu apo, n'kuthamangira kutsogolo kuli ngati kufolera denga theka: udzu wapita, mvula ikulowabe. Ndi bwino kusankha midzi yochepa, kukhalamo masiku awiri kapena atatu, tsiku loyamba pa sukulu kapena pa dibi, lotsatira khomo ndi khomo, kenaka kuyenda m'mudzimo kuwerenga agalu a utoto ndi opanda utoto. A ku Blantyre anaonanso kuti malo obayira akatalikira anthu sabwera, choncho ndi galimoto imene iyenera kusendera kwa anthu. Ndiponso agalu a kumudzi sakhalitsa, ndipo tiana timabadwa chaka chilichonse. Mudzi wobayidwa bwino chaka chino umakhala utabwerera m'mbuyo chaka chamawa. Amene akulonjeza mfumu kuti tabwera, alonjezenso kuti tidzabweranso, ndipo ndalama ya ulendo wachiwiriwo aiganizire lero.

Pa sukulu iliyonse asiyepo phunziro limodzi losafuna ndalama. Galu akakuluma kapena kukukanda, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uza wamkulu, pita kuchipatala tsiku lomwelo. Osathira dothi, osapaka tsabola, osawotcha ubweya wa galuyo n'kuika pabala monga ena amachitira. Mwana amene wamva zimenezi amakaphunzitsa nyumba yonse. Anyamatawonso ayende ndi sopo ndi chigubu chapadera, adziwiretu chipatala chapafupi pa malo alionse ogona, ndipo amene azigwira agalu achilendo afunse za katemera wodzitetezera asananyamuke.

Za ndalama ndilankhule mosapsatira, chifukwa ndi pamene ntchito zabwino zambiri zimafera. Ife a ku Malawi kuno tili ndi sukulu yathu pa nkhaniyi: mabungwe a maliro amene makolo athu anayambitsa m'makomboni, m'migodi ndi m'mafamu. Anakhalitsa chifukwa wosunga ndalama anali wina, wolemba buku wina, ndipo mawerengero ankawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Anyamatawa atengere zomwezo. Dola iliyonse yoponyedwa m'mbale pa Musika, ndi iliyonse yobwera pa EcoCash, ilembedwe. Zogulira katemera zikhale padera ndi za mafuta ndi chakudya cha oyenda, ndipo wopereka auzidwiretu kuti yake ikupita mbali iti. Malamulo a dziko lino salola kungosonkhetsa ndalama kwa anthu popanda chilolezo, choncho ulendowu uyende pansi pa bungwe lolembetsedwa kale. Pobwerera, buku liwerengedwe pa Musika pomwepo, pamaso pa mayi wa matemba uja ndi anzake: midzi yakuti, agalu angapo, ndalama yotsala yakuti.

Aganizirenso za agalu awiriwo ulendo ukadzatha. Balto anamuumbira chipilala ku Central Park mu New York chaka chomwecho cha 1925, koma pasanapite nthawi iye ndi anzake anapezeka ali m'kanyumba ka zionetsero ku Los Angeles, akudwala ndi kusamalidwa moipa, mpaka anthu a ku Cleveland, kuphatikizapo ana asukulu, anasonkha ndalama zowawombola mu 1927. Galu amene wajambulidwa ndi kuomberedwa m'manja mu Julaye akhale akudyabe bwino mu Disembala. Akabwerako akaonedwe ndi dokotala wa ziweto, ndipo akhale masiku ali pa chingwe, akuyang'aniridwa, asanabwerere kukasewera ndi ana a m'fulati.

Ndawapemphanso kuti tsiku loyamba la ulendo galimoto isatuluke mu Mbare. Kuno kuli agalu olondera mashedi ku Magaba ndi Siyaso, agalu ofukula zinyalala kuseri kwa msika, agalu oyendayenda m'mbali mwa Mukuvisi amene aliyense amati si ake koma aliyense amawaponyera mkute. Sitingapite kukaphunzitsa a ku Kotwa pomwe agalu a pakhomo pathu sanaone jakisoni. Malo alipo, pafupi ndi Stodart Hall kapena cha ku Rufaro, ndipo Loweruka ana ali pakhomo. Ine ndadzipereka kulankhula ndi eni malole amene ndinagwira nawo ntchito kuti wina abwereke pikapu, ndi kukhoma ndekha mabokosi awiriwo. Anyamatawo sabata yamawa akupita ku ofesi ya a vetenale atanyamula makadi a katemera a agalu awo ndi kalata yopempha kukumana. Ndawauza kuti funso lawo loyamba likhale lakuti ndi madera ati pakati pa Harare ndi Nyamapanda amene katemera sanafikeko mokwanira chaka chathachi, ndipo mndandanda wa malo ogona ulembedwe akamva yankho.